Apa Amuna Asakumbe

1

Ngati munagonapo pa hotelo ya Pa Balani, kufupi ndi Santhe, ndiye kuti munandionapo. Mayi wamtali amene amakulandirani pakhomo uja ndine, dzina langa Comfort. Alendo amati ndili ndi nkhope ya munthu wosadziwa mavuto. Lero ndikufuna mumve zimene mwini nkhope imeneyi anawachita amayi ake omubereka.

Hoteloyi kale inali shedi yosankhiramo fodya pa esiteti ina imene inagwa kalekale. Ine ndinakulira pomwepo. Bambo anga anali tenanti, ndipo anamwalira ndili ndi zaka khumi ndi zitatu. Amayi, a Lefina, anapitiriza okha kusankha fodya m'shedi imeneyo mpaka zala zinada ngati za wootcha makala. Ine inandipulumutsa ndi sukulu. Ku Lilongwe ndinakumana ndi a Gomezgani, mwamuna wa kwa Kaluluma, wofatsa mpaka kukukwiyitsa, ndipo tinamanga banja.

Zaka khumi ndi chimodzi zinatha opanda mwana. A Gome anadwalapo matsagwidi ali mnyamata, choncho anangovomereza kuti vuto ndi iwo. Anamwa mizu yowawa ya mitundu yonse. Alongo awo ankawanena pamaso, iwo n'kumangoseka chamumtima. Usiku ndi usana ankandipepesa ine.

Esiteti ija itaikidwa pamalonda, anaigula osandiuza. Tsiku lina anangondiimika pakhomo pa shedi, denga litaphwasuka, m'kati mukununkha mileme ndi fodya wakale.

"Pano munkadyapo gaga, mama," anatero. "Pano pomwe mudzakhalapo bwana."

Ndinalira, iwo n'kumayesa chimwemwe. Maso anga anali pa mtengo wa malaina umene unali kuseri kwa shedi, pakati pa khoma ndi damu. Pansi pa mtengowo panali chinthu chotha kupasula banja langa tsiku limodzi, ndipo ondisungira chinsinsicho anali amayi.

2

Wojambula mapulani anali mnyamata wina wa ndevu zometa mwaluso, dzina lake Cuthbert. Anaphunzira kunja, ndipo kumeneko, m'mphepete mwa nyanja yamchere, anagonapo mu fakitale ya nsomba imene anaisandutsa hotelo. Chibwerereni ankangolota zomwezo.

"Nyanja ife tilibe kuno ku Kasungu," a Gome anamukumbutsa.

"Damu lija ndi nyanja yokwanira, bwana. Chachikulu n'chakuti tisamaonjezere zinthu. Tizichotsa."

Ndipo anachotsadi. Njerwa zakale anazisiya zili poyera, mwina n'kupakamo laimu. Mawindo anaboola aakulu, kuyambira pansi mpaka kudenga. M'chipinda chilichonse munangokhala bedi, mpando umodzi ndi nyale. Makatani a maluwa ayi, kalendala ayi, ngakhale kansalu ka patebulo. Jeke yodindira mabelo, imene inathyola misana ya amuna ambiri, anaipukuta n'kuiimika polandirira alendo kuti anthu azijambulitsapo.

Amayi, amene tsopano ankakhala pakamunda kawo kuseri kwa msika wa Santhe, anabwera kudzaona. Anasuzumira m'chipinda chimodzi, n'kugwira pakamwa.

"Kodi akuberani kale musanatsegule?"

"Ndi mmene zikhalire, agogo," anatero Cuthbert. "Anthu a m'tauni atopa ndi katundu. Akufuna mpata wopumira."

"Ha! Ife tinkagona chonchi chifukwa cha umphawi. Lero anthu azichoka ku Lilongwe kudzagona chitenanti?"

Tonse tinaseka, Cuthbert yemwe. Kenaka anatitengera kuseri, natambasula pulani yake. Kuchokera pakhoma mpaka m'mphepete mwa damu pankayenera kuthiridwa khonde la konkire losalala, loti munthu akakhala aziona madzi ndi thambo basi.

"Chimtengo ichi chichoke," anatero akumenya malaina uja ndi pensulo. "Zipatso zake zimanunkha zikawola, komanso chikutchinga madzi. Tizula ndi mizu yomwe."

Kuseka kwa amayi kunathera pomwepo.

3

Loweruka lililonse, kwa zaka makumi awiri, amayi ankayenda wapansi kukasesa pansi pa mtengo umenewo. Esiteti ili bwinja palibe ankawaona. Koma tsopano panali amisiri, ndipo amisiri ali ndi maso ndi pakamwa. Anayamba kunong'onezana kuti apongozi a bwana akukwirira mankhwala kuti hotelo idzakhale m'manja mwa mwana wawo.

Amayi ndinawapeza kwawo akusita bulauzi yoyera ya mvano. Amayi analibe chuma china choposa yunifolomu imeneyo. Ankaisunga m'sutukesi ndi sopo wonunkhira, ndipo anatiuza kambirimbiri kuti tsiku lawo likadzafika tidzawaveke imeneyo, anzawo adzawaimbire mpaka kumanda.

"Uwauze amuna ako," anatero asanandipatse n'komwe moni.

"Sindingathe, amayi."

"Munthu uja ndi wa mtima. Adzalira, koma adzamva."

"Inu simukudziwa zonse. Akamva chimodzi afunsa chinzake."

Anaimika simbi, n'kundiyang'ana. "Chabwino. Ine ndinakulonjeza kuti pakamwa panga sipadzatuluka dzina lako, ndipo silidzatuluka. Koma iwe ndiwe mwini hotelo. Kangonena kuti mtengowo umaukonda. Kodi n'chovuta chimenecho?"

Sichinali chovuta. Ndinakanenadi, koma ndi mawu ofooka, ngati munthu wopempha chinthu chimene akufuna amukanize. Cuthbert anaseka. A Gome anati adzandibzalira mitengo khumi ya mibawa kuchipata, yabwino kuposa malaina. Ndikanalimbikira kamodzi kokha akanandimvera, chifukwa sanandikanizepo kanthu. Koma mumtima mwanga munabwera ganizo loipa: konkire ikathiridwa, nkhani yonse idzatsekeka mpaka muyaya, ndipo amayi adzasiya kusesa kumene kunkandidetsa nkhawa.

Ndinafunsa kontirakitala kuti angadule liti. Anati tsiku lililonse. Ndinasankha Lachisanu m'mawa, nthawi imene amayi amakhala ku msonkhano wa mvano.

4

Mtengo unagwa cha m'ma naini. Pofika teni koloko amuna anayi anali atazungulira chitsa ndi mapiki. Amayi asanu otunga madzi a simenti ankadutsa ndi zidebe pamutu. Ine ndinaima pamthunzi ndi a Gome.

Sindikudziwa amene anakawatsina khutu. Ndinangoona kabaza akubwera mwaliwiro, kumbuyo kuli bulauzi yoyera. Amayi anatsika njinga isanaime, nsapato imodzi n'kutsala m'fumbi. Anadutsa pakati pa amuna aja nakhala pansi, msana atatsamiritsa pachitsa.

"Apa amuna asakumbe," anatero. "Apa m'pa akazi."

Cuthbert anayang'ana ine, osamva kanthu. Koma amayi otunga madzi aja anamva. Mmodzimmodzi anatula zidebe, nakhala pansi atatambalala, mitu ili yowerama. Amuna a mapiki anabwerera m'mbuyo, wina mpaka anavula chipewa.

Inu okulira m'tauni mwina simudziwa. Mwana akabadwa wakufa, kwathu timati mtayo. Salira maliro, sakhoma bokosi. Amayi achikulire okha ndiwo amakamuika, mwakachetechete, m'dzenje losazama, ndipo mwamuna sayandikirako ngakhale kufunsa malo ake. Aliyense wa kumudzi amene anali pamenepo anadziwa chimene chinali pansi pa chitsacho.

A Gome ananjuta chapatali, monga achitira mkamwini.

"Pepani amayi, sitinadziwe. Koma kuti tidziwe oti tiwapepese, kodi mwanayo ndi wa banja liti?"

Amayi anakweza maso nandiyang'ana. Sanandikakamize, anangondipatsa mpata. Mpatawo unali wautali moti ndinamva nkhunda ikulira patsidya pa damu. Ine ndinatulutsa foni m'thumba n'kuyamba kuiyang'ana.

"Ndi wanga, bambo," amayi anatero. "Chaka cha njala chija. Ndinazikapo mtengo wa pachigafa cha fodya kuti ndisadzaiwale malo, ndiye unaphuka."

Aliyense ankawerengera chamumtima. Njala ija inafika bambo anga atagona kumanda zaka zitatu. Ndipo amayi ananena zimenezi atavala yunifolomu ya mvano.

5

Nkhani inafika pamsika dzuwa lisanapendeke. Sabata yotsatira akulu ampingo anawaitanitsa. Anawafunsa ngati zinali zoona kuti anatenga mimba ali wamasiye, naibisa, n'kumadya mgonero zaka zonsezi osalapa. Amayi anavomera zonse. Dzina la mwamuna anakana kutchula.

Anawaimitsa mgonero, nawaika m'kalasi ya olapa kwa chaka chathunthu, limodzi ndi atsikana amene anatenga mimba za pasukulu. Yunifolomu anakaitula okha kwa a Perpetua, mtsogoleri wa amayi a mvano, mnzawo amene ankasankha naye fodya pabenchi limodzi. Lamulungu ankakhala kumbuyo kwenikweni, atavala chitenje wamba. Pamsika anyamata ogulitsa matumba anawapatsa dzina loti "Namwali wa pa Balani".

Chimene chinkandipha ine chinali ubwino wa a Gome. Analamula kuti khonde lisunthidwe. Cuthbert anadandaula kuti mzere wake wawonongeka, koma a Gome anati, "Yayi, mzere ungapindike." Amayi aja otunga madzi anazunguliza chitsa ndi njerwa, ndipo mwamuna aliyense analetsedwa kupondapo.

"Musawaweruze amayi, mama," anandiuza tikubwerera kunyumba. "Njala ija inali yoopsa. Akanapanda kuchita zimene anachitazo mwina inu simukanakhala moyo. Komanso taganizani, muli ndi m'bale wanu pamenepaja."

Ndinati ndamva.

Hotelo inatsegulidwa mu Okutobala. Alendo anabwera ndi magalimoto awo aataliatali, nayamikira makoma opanda kanthu ndi bata la padamu. Amayi sanabwere. Ndinawatengera nyama ya paphwando tsiku lotsatira, ndipo ndinawapeza ataonda, khosi litatalika.

"Ndinena, amayi. Tingodutsa kaye mwezi woyambawu."

"Usadzivute. Yatsala miyezi isanu ndi itatu kuti kalasi ithe. Ndiloweza mavesi ngati mwana, andibwezera bulauzi yanga."

Mwezi woyamba unadutsa. Ndinati Khirisimasi ithe kaye, alendo achuluka. Khirisimasi itatha ndinati a Gome ali ndi chimfine. Zifukwa sizisowa kwa munthu wamantha.

6

Mu Febuluwale amayi anagwa m'munda akupalira mtedza. Kuchipatala cha paboma anati mtsempha waphulika m'mutu. Mbali imodzi inafa, koma ankayankhula pang'onopang'ono. Lachitatu masana anandikoka dzanja.

"Ukawauze a Perpetua... bulauzi ija aisite. Imachita makwinya ikakhalitsa."

Ndinalumbira mumtima kuti Lachisanu, amayi a mvano akasonkhana, ndikaima pamaso pawo n'kuulula zonse. Amayi anamwalira Lachinayi m'mawa.

Pamaliro anthu anadzaza bwalo. Ndinkangoyang'ana kumsewu kudikira mzere woyera wa amayi a mvano, umene umabwera ukuimba pa maliro a mnzawo. Anabwera, koma mmodzimmodzi, atavala zitenje zawo za masiku onse. Mkulu wampingo analengeza mwaulemu kuti malemu atisiya ali pachilango, choncho mwambo wa mpingo sukhalapo, pangokhala pemphero.

Ndinangozindikira ndili pakhomo pa siwa, ndikuyankhula mokweza.

"Amayi anga sanachimwe! Mwana uja ndi wanga!"

Ndinanena zonse. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Kalaliki wa pa esiteti ndiye ankasunga makiyi a chimanga, ndipo ankandipatsa madeya ndikalowa naye mosungira mabelo. Amayi anadziwa mimba itakula kale. Inatha pa miyezi isanu ndi iwiri, mwana n'kubadwa wakufa, m'kanyumba kathu ka udzu. Manda a pa esiteti ankafuna chilolezo cha kalaliki yemweyo, choncho anakaika kuseri kwa shedi. Ine ndinadwala mwezi wathunthu, ndipo nditachira amayi anandibweza kusukulu ngati palibe chachitika.

Ndinatembenukira kumene kunakhala amuna. A Gome anali pampando wachiwiri.

"Ndipo inu a Gome, vuto si inu. Chaka chachiwiri cha banja lathu ndinapita ndekha kwa dokotala. Anati matenda a nthawi ija anatseka njira, sindidzaberekanso. Ndinabwera kudzakuuzani kuti ati ndili bwinobwino."

A Perpetua anandigwira pamkono, nandilowetsa m'nyumba momwe munali bokosi.

"Khala pansi, mwanawe. Ukuyesa ukundiuza zachilendo? Tinalipo anayi tsiku lija. Awiri anatsogola kale, wachitatu ndi uyu wagona apayu. Khasu ndinanyamula ndine."

"Ndiye munalandiriranji yunifolomu yawo mukudziwa?"

"Anandigwadira mayi ako. Anati ndikatsegula pakamwa ndiye kuti ndapasula banja la mwana wake. Ndinailandira ndikulira, n'kumati Comfort anena mawa. Lachisanu lililonse ndimayang'ana kukhomo la tchalitchi."

"Aitaneni akulu aja, awabwezere lero!"

Akulu anakambirana pansi pa mtengo kwa ola lathunthu. Anabwera ndi nkhope zachisoni. Anati mlandu unagamulidwa ndi bwalo la mpingo pa umboni wa mwiniwake, ndipo kuufafaniza kukufunika bwalo lomwelo likhalenso, abusa alipo. Abusa anali kutali ku msonkhano, ndipo mtembo wa m'dzinja sudikira.

Amayi tinawaika atavala diresi ya buluu imene ndinawagulira ine ku Lilongwe, imene sankaikonda n'komwe.

7

A Gome anakhala pamaliro mpaka tsiku losesa. Anagula chakudya, ananyamula nawo bokosi, anathokoza anthu. Kwa ine sananene liwu limodzi. Titabwerera anatenga kachikwama kawo nakalowa m'chipinda chomaliza cha hotelo, ndipo anakhala mmenemo masabata atatu.

Tsiku lina masana anandiitanitsa. Ndinawapeza atakhala pabedi. Ine ndinakhala pampando umodzi uja, ndipo munalibe china chilichonse choti munthu n'kuyang'anapo kuthawa maso a mnzake.

"Za kalaliki zija sindikukuimbani mlandu," anatero. "Munali mwana, munali ndi njala. Mukanandiuza tsiku loyamba ndikanakukwatirani ndithu. Za mizu ndinamwa ija, za alongo anga, mwina tsiku lina ndidzaiwala. Koma ndinagwada pamaso pa apongozi anga n'kuwafunsa funso limene linawavula ulemu, inu muli chiimire pambali panga. Munandisandutsa mpeni wowabayira. Chimenecho sindikudziwa kuti ndichiika pati."

Ndinaimirira n'kulunjika kukhomo.

Abale anga owerenga, bwalo la mpingo linakhaladi patatha mwezi, ndipo dzina la amayi linayeretsedwa. Analengeza Lamulungu, anthu n'kuwomba m'manja, mwini dzina ali kumanda. A Gome sanandisiye, komanso sanabwerere kwenikweni. Timayendetsa hotelo limodzi, timapatsana moni ngati anthu a pantchito. Sindikupempha kuti mundimvere chisoni. Ndikungoti ngati pali munthu amene akusenzerani manyazi anu lero, ndipo inu mukuti mudzamutula zinthu zikakhala bwino, dziwani kuti ine ndinachedwa ndi tsiku limodzi lokha, koma tsikulo ndinalikonza ndekha kwa miyezi isanu ndi itatu.

Masana aja, ndikutuluka m'chipindamo, a Gome anandiitananso. Mawu awo anali ofewa, a munthu amene wakhala akulakalaka mwana moyo wake wonse.

"Mama, mwanayo akanakhala wanga ndithu, ndikanamulera. Kodi anali wamwamuna kapena wamkazi?"

Sindinkadziwa. Tsiku lija amayi sanandionetse mwanayo, ndipo zaka zonsezi sindinafunsepo, poopa kuti ndikafunsa akhala munthu. M'mawa mwake ndinathamangira kwa a Perpetua.

Anapukusa mutu. "Anamukulunga okha mayi ako, ife tinangolandira kansalu. Ankati adzakuuza iweyo tsiku limene udzafunse."